Alendo a Mafunso m'Chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi umayambira m'chigwa chimene chimalekanitsa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. Umatsika mothamanga pakati pa miyala, numadzafatsa ukafika kuchidikha, kudutsa pansi pa msewu wa ku Liwonde, kenaka nkukatayika m'mabango ndi m'njedza za nyanja ya Chilwa. Si mtsinje waukulu ayi. Koma mukautsata kuchokera kumtunda mupeza mishoni yakale ya Askotishi, koleji ya aphunzitsi, likulu lolemba maphunziro a sukulu za dziko lonse, madamu ofufuzira nsomba, chipatala, ndende, ndipo kumunsi kwenikweni sikimu ya mpunga. Anthu a kwa Malemia akhala akulandira alendo onyamula makope ndi mafunso kwa zaka zoposa 140, ndipo m'Malawi muno ndi madera ochepa amene anayezedwa, kuwerengedwa ndi kulembedwa ngati chigwa chimenechi.

Eni nthaka akale anali Anyanja. David Livingstone ndi John Kirk atafika m'mbali mwa Chilwa mu Epulo 1859, nailemba m'mabuku awo kuti Shirwa, anapeza midzi ya Anyanja ikulima, kusodza ndi kuphika mchere. Posakhalitsa zinthu zinatembenuka. Ayao a mtundu wa Amachinga, atapanikizidwa ndi nkhondo kwawo kum'mawa, anatsikira kuno ndi mafumu awo monga Malemia, Kawinga ndi Liwonde. Anali ndi mfuti, komanso anali ndi njira ya kugombe kumene ankagulitsa minyanga ndi akapolo. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinamaliza kufooketsa Anyanja: ena anathawira pa chilumba cha Chisi, ena anakwera m'mapiri, ena anagonja nakhala pansi pa mafumu atsopano. Malemia anakhazikika m'munsi mwa phiri, ndipo dzina lakelo ndi limene lakhala dzina la ufumu ndi la dera mpaka lero.

Mlendo woyamba wa kope anali Alexander Hetherwick, m'busa wa mpingo wa Church of Scotland, amene anafika m'dziko muno mu 1883 natsegula mishoni ya Domasi mu 1884 ndi chilolezo cha Malemia. Mfumu sinalole chifukwa chokomedwa ndi ulaliki. Chaka chomwecho Angoni a Maseko anawoloka Shire nasakaza midzi ya kumtunda kuno, ndipo kumpoto, pa phiri la Chikala, kunali Kawinga, wachibale koma mdani. Mzungu pakhomo anali mpanda. A Hetherwick anakhala pa Domasi mpaka 1898, akutchera khutu ku Chiyao cha anthu a Malemia, ndipo mu 1889 anatulutsa buku la malamulo a chiyankhulocho. Anthu amene ankakhala nawo pakhonde kuwawongolera katchulidwe ndi kuwamasulira miyambi sanalembedwe pachikuto, chizolowezi chimene kafukufuku wa kuno anachisunga nthawi yaitali. Pamishoni pomwepo panadzagwiranso ntchito Henry Scott, amene anali m'busa komanso dokotala, ndipo mankhwala a chizungu analowa m'chigwachi kudzera pakhomo la tchalitchi.

Mu Febuluwale 1895 Kawinga anatsika ndi ankhondo ake kudzathira nkhondo Malemia ndi mishoni. Asilikali a boma la Harry Johnston anamubweza, namutsata mpaka kulanda linga lake la ku Chikala. Kuyambira pamenepo Malemia anali mfumu yodalirika m'maso mwa atsamunda, dera lake lili pafupi ndi likulu la boma ku Zomba, madzi osaphwa, anthu ochuluka. Bwana aliyense wokhala ndi ganizo latsopano sankavutika kusaka koliyesera. Domasi inasanduka munda woyeserera mbewu.

Ganizo lalikulu loyamba linachokera kutali zedi. Mu 1907 mayi wina wolemera wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, anapereka madola miliyoni imodzi kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa America. Njira yake inali yophunzitsa mphunzitsi mmodzi woyendera sukulu zingapo, amene aziphunzitsa anzake komanso makolo za ukhondo, ulimi ndi ntchito zamanja. Gulu la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo muli James Aggrey wa ku Gold Coast, litayendera Nyasaland mu 1924 linalimbikitsa njira yomweyo. Boma linakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa pa Domasi, mkulu wake ali Ernest Bowman, ndalama zina zikuchokera ku thumba la Carnegie.

Pa Jeanes munthu sankabwera yekha. Mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, napatsidwa nyumba m'mudzi wachitsanzo. Bambo ali m'kalasi kapena kudimba, mayi ankaphunzira kasamalidwe ka makanda, kaphikidwe ka phala, kusoka ndi uzamba. Nyumba inkayenera kukhala ndi mawindo, thandala la mbale, dzenje la zinyalala ndi chimbudzi chokhala ndi chivundikiro. Kuyambira mu 1934 mafumu nawo ankaitanidwa, iwonso ndi akazi awo, kudzaphunzira kasungidwe ka mabuku a msonkho, kaweruzidwe ka milandu ndi kasamalidwe ka zitsime. Zambiri mwa izi zinali zanzeru, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa lero amene amayenda pa njinga kukayeza ana kusikelo ndi mdzukulu wa mphunzitsi wa Jeanes, kaya akudziwa kaya ayi. Koma anthu ophunzira a nthawiyo anaona chinanso. Boma limene linkafulumira kuphunzitsa munthu wakuda kukumba chimbudzi linkazengereza kumutsegulira sekondale. Ya Blantyre inadikira mpaka 1940, ya Akatolika ku Zomba mpaka 1942. James Sangala, amene anabadwira ku Naisi kufupi ndi mishoni ya Domasi, anali mmodzi wa okana kuti mwana wa m'dziko muno azithera pa khasu ndi sopo, ndipo ndi iye amene anakoka anzake kuti akhazikitse Nyasaland African Congress mu 1944.

Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera mlendo wa mtundu wina. Clyde Mitchell, mnyamata wa ku South Africa wotumidwa ndi Rhodes-Livingstone Institute, anayamba kafukufuku pakati pa Ayao mu 1946. Iye sanabwere kudzatembenuza munthu kapena kudzakonza mudzi. Ankakhala pansi nkufunsa: nyumba iyi ndi ya yani, mayi wake anabadwira kuti, mudzi uno unapatuka ku mudzi uti, chinayambitsa mkangano nchiyani. Mu 1951 analemba za kakhalidwe ka dera la Malemia m'magazini ya Nyasaland Journal, ndipo mu 1956 anatulutsa buku lake lotchuka, The Yao Village. Anaonetsa kuti msana wa mudzi ndi mbumba, alongo ndi ana awo pansi pa mlongo wawo wamwamuna, ndi kuti mudzi ukakula, abale akayamba kulimbirana mbumba, imfa ndi matenda zimabala kulozana ufiti, mpaka gulu lina limasamuka kukamanga pake. Gogo aliyense wa ku Malemia akanamuuza kuti zimenezo nzodziwika kale. Chimene a Mitchell anawonjezera ndi kuwerenga: midzi ingati, mabanja angati otha, akamwini angati. Luso lolondola maubale limene analinola m'midzi ya kuno analipititsa ku Copperbelt, ku Manchester ndi ku Oxford, ndipo lero amatchulidwa pakati pa oyambitsa maphunziro a momwe anthu amalumikizirana. Ophunzira a ku Ulaya akhala akuwerenga mikangano ya mbumba za kuno kwa zaka makumi ambiri, eni mikanganoyo osalionapo bukulo m'chiyankhulo chawo.

Mu 1949, chaka cha njala yaikulu, boma linadula Domasi kukhala boma palokha kuti liyesererepo chitukuko cha m'midzi, woyang'anira ali T. D. Thomson. Ntchitoyi inayenda mpaka 1954. Panali sukulu za kwacha, makhonsolo a m'midzi, zitsime, mbewu zatsopano, ndiponso malamulo a malimidwe: kuunda mizere yopingasa, kukumba milambala, kusalima m'mbali mwa mtsinje. Pa pepala zinali zoteteza nthaka. M'munda zinali chindapusa ndi ndende, kapitawo akuyeza mizere ya mayi wamasiye ndi ndodo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakakamizidwa mu 1953, chipwirikiti chimene chinayambira ku Thyolo chinafikanso ku Domasi, dera lomwelo limene boma linkaonetsa alendo ngati chitsanzo. Wolemba mbiri Wapulumuka Mulwafu, m'buku lake la 2011 lotchedwa Conservation Song, anafotokoza bwino momwe malimidwe anasandukira nkhuni za moto wa ndale m'dziko muno. Nzochititsa chidwi kuti m'zaka zomwezo Orton Chirwa ankaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya Domasi, imene inalowa m'malo mwa Jeanes, ndipo Masauko Chipembere atabwera kuchokera ku Fort Hare anayambira ntchito ya boma pa Domasi pomwepa.

Maina awiriwa akutifikitsa pa nkhani ya kaphunzitsidwe ka mbiri. Mu Febuluwale 1965 a Chipembere anatsogolera anthu awo kuchokera ku Fort Johnston kulinga ku Zomba, nakakanika pa doko la Liwonde. Akanawoloka, njira yawo ikanadzera pa Domasi. A Chipembere anamwalira ku Los Angeles mu 1975. A Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Pa zaka zonse za pakatipo mphunzitsi wa mbiri ankadziwa maina oyenera kuwalumpha. Malawi Institute of Education, imene inakhazikitsidwa pa Domasi mu 1979 niyamba ntchito mu 1982, inkalemba silabasi ya dziko lonse pamalo pomwe anthu awiriwa anapondapo, koma sikanatha kuwatchula monga oyambitsa ufulu. Owen Kalinga analemba mu 1998 za momwe mbiri ya dziko lino inaumbidwira m'zaka za m'ma 1960, pakati pa cholowa cha Harry Johnston ndi zofuna za Dr. Banda ndi chipani chake. Ngakhale zinali choncho, ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973, aphunzitsi ankatuma ophunzira kumidzi pa tchuthi kukafunsa nkhalamba, ndipo Kings Phiri anasindikiza mu 1984 kafukufuku wa momwe Ayao analowera kuno ndi momwe Anyanja anadzitetezera. Mbiri ya zaka za m'ma 1800 inali yosaopsa kuifufuza. Ya dzulo ndiyo inkamangitsa.

Domasi College of Education inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, chaka cha referendamu, ndipo maina oletsedwa aja anabwerera m'mabuku. Vuto la lero ndi lina. Ku pulayimale mbiri inamizidwa m'phunziro la chikhalidwe ndi chilengedwe, ku sekondale ndi phunziro losankha, ndipo mwana akauzidwa kuti ntchito zili ku sayansi amalisiya msanga. Amene alitenga amaloweza zifukwa zimene Ayao anasamukira ndi zotsatira za kubwera kwa amishoni, zolembedwa mofanana kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ine ndimaona kuti mwana wa ku Songani kapena ku Malosa akuberedwa pamenepa. Nkhondo ya Kawinga inamenyedwa m'minda imene makolo ake amalima, ndipo malipoti a Thomson ali ku nyumba yosungira zolemba zakale ku Zomba, ulendo wa minibasi imodzi.

Kafukufuku amene wabweza kanthu kooneka ndi wa m'madzi. Malawi alibe nyanja ya mchere, choncho sayansi imene maiko ena amachitira m'nyanja zikuluzikulu ife timachitira pa nyanja ya Malawi, pa Chilwa ndi m'madamu. Boma linatsegula malo oyeserera ulimi wa nsomba pa Domasi mu 1959, ndipo ndi amene lero ali National Aquaculture Centre. Kumunsi kwake kuli nyanja yachilendo. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Mchenga umene njanji ya ku Nayuchi imadutsapo unamulekanitsa ndi Chiuta kalekale. Madzi amalowa kudzera mu Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma amatuluka ndi dzuwa basi. Kuya kwake nthawi zambiri ndi mamita awiri kapena atatu, moti asodzi amayendetsa bwato ndi nsungwi yoponda pansi. Komabe m'zaka zabwino kanyanja kameneka kankatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, makamaka matemba, makumba ndi mlamba.

Mu 1966 Yunivesite ya Malawi, ili ndi chaka chimodzi chokha, inayambitsa kafukufuku wa nyanjayi motsogozedwa ndi Mayi Margaret Kalk. Mwayi wawo unali tsoka la asodzi: madzi anali akuphwa, ndipo mu 1968 nyanja inauma, anthu nkumayenda pansi kupita ku Chisi. Akatswiriwo anaona zonse ndi maso. Madzi akamachepa mchere umachuluka, matope amavunduka ndi mphepo, mpweya umatha, makumba ndi matemba nkumafa. Koma si zonse zimene zimafa. Zotsala zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'njedza, mlamba nkumapirira m'matope chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Mvula itabwerera mu 1969, mlamba ndiwo unayamba kuchuluka, matemba natsatira, makumba namalizira patapita zaka. Ntchitoyi inatenga zaka khumi, ndipo mu 1979 inatuluka m'buku limene a Kalk anakonza pamodzi ndi A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams. Linatsimikizira zimene nkhalamba za ku Chisi zinkanena, kuti nyanjayi inaumapo kale kangapo ndipo imabwerera, koma linaonjezera mfundo yogwirika: mbewu ya nyanja yonse imasungidwa m'maiwe ochepa a mitsinje monga Domasi ndi Likangala.

Mfundo imeneyi inagwira ntchito mu 1995 nyanja itaumanso. Nthambi ya usodzi ndi mafumu a m'mbali mwa mitsinje anagwirizana zoletsa makoka ndi kuthira katupe m'maiwe otsalawo, midzi niyika anthu olondera. Kunali kupempha munthu wanjala kuti aziyang'ana ndiwo osazigwira, ndipo si onse anamvera, koma nsomba zinabwerera. Apa sayansi ya pa yunivesite ndi mphamvu ya bwalo la mfumu zinakoka chingwe chimodzi, zimene malimidwe a 1949 analephera. Nyanja inaphwanso kwambiri mu 2018.

Kumtunda, pa madamu a Domasi, bungwe la ICLARM, limene lero ndi WorldFish, linayamba ntchito mu 1987 ndi thandizo la dziko la Germany. Ntchito zam'mbuyo zinkalangiza mlimi kugula chakudya cha nsomba ndi feteleza zimene sakanakwanitsa, ndipo alangizi akachoka madamu ankamera udzu. Akatswiri atsopanowa, pakati pawo Reg Noble ndi Randall Brummett, anayamba ndi kuitana alimi kudzaona madamu, kenaka nkuwapempha kujambula pansi zonse za pakhomo pawo ndi kumene chilichonse chimapita. Pa chithunzicho madeya ankachoka pamtondo kupita m'damu, zitosi za nkhuku ndi masamba otsala kudimba chimodzimodzi, madzi a m'damu nkumathirira mpiru ndi tomato m'chilimwe, matope a pansi pake nkubwerera m'munda ngati manyowa. Chilunguni chimadya masamba, makumba amadya ndere zimene manyowa amameretsa. Pa chilala cha 1992 zinaoneka kuti makomo okhala ndi damu ankapirira kuposa anzawo, osati chifukwa cha nsomba zokha koma chifukwa cha madzi osungidwawo. Buku la Noble ndi Brummett la 1995 linawerengedwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo nzeru zake theka zinachokera kwa alimi a ku Zomba.

Madzi oima ali ndi mtengo wake. Damu la nsomba, ngalande za sikimu ya mpunga ya Domasi imene inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, ndi madambo a Chilwa, zonsezi ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, nkutulukamo titachuluka, kenaka nkuboola khungu la mwana wosambira kapena mayi wowokera mpunga. M'midzi ina mnyamata kukodza magazi kunkaoneka ngati chizindikiro cha kukula. Sosten Chiotha wa ku Chancellor College ndi anzake anasindikiza mu 1991 kafukufuku woyesa nsomba za m'dziko muno zodya nkhono ngati njira yochepetsera matendawa. Lero chida chachikulu ndi mapiritsi a praziquantel amene ana amamwetsedwa kusukulu, koma mwana akamwa lero mawa amabwerera kungalande komweko, chifukwa mpunga suwokeredwa pouma.

Kolera ndiye mlendo wa Chilwa kuyambira pamene anafika m'dziko muno mu 1973. Asodzi ambiri amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba tomangidwa pa njedza zoyandama pakati pa nyanja. Madzi akumwa amatunga pomwepo, kudzithandiza ndi pomwepo, ndipo wodwala kuti afike ku chipatala ndi maola ambiri a bwato. Mliri utabuka mu Disembala 2015, unduna wa zaumoyo pamodzi ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena anakonza zopereka katemera wakumwa m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe kumayambiriro kwa 2016. Katemerayu amamwedwa kawiri, motalikana masabata awiri, ndipo funso linali lakuti msodzi amene wam'peza lero udzam'pezanso kuti. Yankho linali losazolowereka m'ntchito za chipatala: kumukhulupirira. Pa madoko anthu analandira kawiri konse kwa azaumoyo. Pa zilumba botolo lachiwiri linasiyidwa m'manja mwa atsogoleri a m'mudzi. Msodzi wa pa chimbowera anamwa loyamba pamaso pa azaumoyo, napatsidwa lachiwiri kuti apite nalo, adzamwe yekha tsiku likakwana. Zinatheka chifukwa zinali zitadziwika kuti katemerayu amapirira kutentha kwa masiku angapo kunja kwa firiji. Ofufuza atabwerera anapeza kuti ambiri anamwadi, ndipo zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya bungwe la zaumoyo padziko lonse, kumene okonza katemera wa anthu osamukasamuka ndi othawa nkhondo amaziwerenga.

Mphamvu ya katemerayu imatha pakapita zaka zochepa. Mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, kolera anayambanso m'boma la Machinga, nafalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700, mliri woopsa kuposa yonse imene dziko lino linaonapo. Pa zimbowera madzi akumwa akadali a m'nyanja momwemo, ndipo chimbudzi chokumba chija cha pa Jeanes sichingakumbidwe pa njedza zoyandama.